Mwana wa Eni Amene Ndinamukumbatira pa Siteshoni ya Concession

Inu mukuseka chiyani ndisanayambe n'komwe? Ndikudziwa kuti ena a inu nkhaniyi munaimva kale, koma munaimva kwa Zuze, ndipo Zuze akamasimba amawonjezera zake, amati ndinagwada papulatifomu n'kumapsompsona nsapato za munthu. Limenelo ndi bodza, sindinagwade. Zinazo ndiye zoona, ndipo lero ndinena ndekha mwini wake, mumve mmene munthu wa imvi, woswali kasanu pa tsiku, amadzichotsera ulemu dzuwa likuswa mtengo.

Amene mwabwera chaka chino pa pulazi pano, ine ndine Che Jafali, telala uja amakhala pakhonde la sitolo. Ndinachoka kwathu ku Namwera ndili mnyamata, wapansi, kudzera ku Tete, kudzafika kuno kufupi ndi Salisbury, ndinawamba fodya m'mabalani zaka zambiri mpaka ndinagula makina osokera. Ine ndi Abiti Saidi, mayi a kunyumba kwanga, tinabereka ana anayi, koma Mulungu anatisiyira mmodzi, Amidu. Ali wamng'ono anali wowonda zomvetsa chisoni, ndiye ndinkamuitana Kaulusi. Ankakhala pansi pa makina anga, ndipo manyuzipepala akale amene ndinkadulira patani iye ankayamba wawawerenga kaye, n'kumandipempha kuti ndisadule pamene nkhani sinathe. Sukulu ya pa pulazi itamuchepera tinamutumiza kwa amalume ake ku Zomba. Anzanga a kumzikiti anandinena, ati mwana wa Chisilamu ku sukulu za azungu akamudyetsa nkhumba, ine ndinatseka makutu. Anakhoza, anakhozanso, kenako tinamva kuti akupita ku sukulu yaikulu ku Joni. Anabwera kudzatsanzika, anakhala nafe masabata awiri, ndinamuperekeza ku siteshoni ya Concession, anatulutsa mutu pawindo n'kunena kuti, "Atate, sindikachedwa." Pa nthawi ya nkhani yangayi zinali zitatha zaka khumi ndi chimodzi chinenere mawu amenewo. Kuchoka ku Joni anawoloka nyanja kupita ku Mangalande, ndipo kalata iliyonse inkati akulemba buku. Zaka zisanu, anthu inu, buku limodzi! Ine suti ndimamaliza masiku anayi.

Tsono panali chinthu chimene ndinkabisa. Maso anga anali atayamba kuchita nkhungu. Ulusi ndinkalowetsa pasingano mongopapasa, zala zinaloweza, ndipo munthu akamabwera chapatali ndinkamudziwa ndi mayendedwe kapena chifuwa chake. Ndikanauza ndani? Telala akadziwika kuti saona, ndani angamupatse nsalu yake ya ukwati?

Lolemba lina inafika kalata, kapepala kabuluu kopyapyala kaja, zilembo ting'onoting'ono ngati nyerere. Ndinazemba nayo kuseri kwa sitolo, ndinaiyandikitsa pamphuno, ndinaitalikitsa, ndinaiyang'anitsa kudzuwa. Nyerere zija zinkangoyenda, koma mawu ena ndinawagwira. Ndinaona "Dokotala". Ndinaona "Concession". Ndinaona "sitima" ndi "Loweruka". Kenako ndinaona mawu othera ndi "kubwera". Inu mukanakhala ine mukanafunanso chiyani? Makina ndinawasiya osavundikira, ndinathamangira kukomboni ngati ndalumidwa ndi mavu.

"Abiti Saidi! Siyani musiwo. Mwana akubwera! Loweruka lino, pa sitima, ndipo akubwera ali dokotala!"

Sanalulute ayi. Anangokhala pansi pompo pafupi ndi mtondo, manja pamiyendo, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwawerenga bwino, Che Jafali?"

"Ndinayamba liti kuwerenga molakwa?"

"Pitani nayo kwa kalaliki wa musitolo akuwerengereninso. Mtima wanga sungapirire kukwera kenako n'kugwa."

"Kalata ya mwana wanga ndikapatse kalaliki uja pakamwa pake sipasunga kanthu? Ndawerenga ndekha ine atate ake, mawu alionse."

Mawu alionse! Mulungu andikhululukire. Mayiwo analowa m'nyumba, ndipo nditasuzumira ndinawaona atatulutsa bulangete limene Amidu anafunda masabata awiri aja, limene anasunga m'bokosi zaka zonsezi osalola ngakhale mlendo kulikhudza, akulikutumula pang'onopang'ono.

Cholinga changa chinali chabwino, ndikulumbira. Ndinati tipita awiri, mwakachetechete, ine ndi mayi ake pa njinga, tikamutenge mwana wathu, tidye naye, timuyang'ane mpaka maso akhute, anthu amve mawa lake. Koma matayala a njinga anali ophwa, ndiye ndinapita kwa Zuze kukabwereka pampu. Zuze mukumudziwa, woyendetsa thirakitala uja wa ku Tete, Mkhristu wovala korona m'khosi koma mnzanga wa zaka zambiri. Anandifunsa kuti ulendo wa kuti, ine ndinati ndikuuza iwe wekha, usauze munthu. Pampu ndinabwera nayo ndithu. Koma pofika kunyumba ndinapeza amayi atatu akuvina pabwalo panga.

Lachiwiri m'mawa ndikufika pakhonde la sitolo, ndinapeza mzere wa anthu woposa wa nthawi ya Khirisimasi, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wonyamula nsalu. Uyu mwana akutsokomola, uyu msana, uyu mwendo unatupa chaka chatha. Foromani weniweni, amene amatikalipira tonse, anadikira anthu achepe, anawerama n'kundinong'oneza vuto lake la kunyumba limene sindingalinene pano. Munthu wanzeru akanati, abale anga, dikirani mwiniwake afike. Ine kodi? Ndinakhala pampando, ndinapinda mwendo, ndinayamba kugawa masiku. "Inu mubwere Lolemba m'mawa. Inu Lachiwiri, Dokotala adzakhala atapumula." Pofika Lachitatu ndinali nditayamba kupereka malangizo ndekha. Ndinauza agogo ena kuti asiye tsabola mpaka Dokotala awaone, ndipo anasiyadi. Ndinkayenda m'komboni manja ali kumbuyo ngati mwini pulazi.

Kenako ndinaganiza kuti dokotala sangagwire odwala atavala malaya wamba. Ndinali ndi nsalu yoyera yolimba imene dona anandipatsa kuti ndisokere khukhi wake yunifolomu, ndinati khukhi adikira. Ndinaiyala pathebulo, ndinatenga choko ndi tepi, ndipo pamenepo ndi pamene ndinaima. Anthu inu, ine ndimadziwa chiuno cha mwamuna aliyense pa pulazi pano. Ndimadziwa kuti foromani phewa lake lamanja ndi lotsika, ndimadziwa kuti mzungu wathu mimba imakula akagulitsa fodya. Koma mwana wanga ndekha sindinkadziwa muyeso wake. Ndinatambasula manja mumlengalenga kuyesa kukumbukira mapewa amene ndinawagwira pa siteshoni paja, ndipo manjawo anakumbukira mnyamata, pamene ine ndinkasokera munthu wamkulu amene sindinamuonepo. Kodi ananenepa? Kodi ali ndi ndevu? Kodi akaseka amatsekabe pakamwa ndi dzanja? Ndinakhala pamenepo choko chili m'manja mpaka kalaliki anatuluka kudzafunsa ngati ndadwala. Ndinamuuza kuti ndi fumbi la nsalu landilowa m'maso. Ndinawonjezera mainchesi angapo mbali zonse, ndinati chakudya cha azungu chimanenepetsa, ndinadula.

Lachisanu kumzikiti a shehe analengeza pamaso pa onse, anapemphera dua yaitali, ndipo akuluakulu aja ankandinena za nkhumba anabwera mmodzimmodzi kudzandigwira chanza ndi manja awiri. Ndikanama ndikati sizinandikomere. Zinandikomera kwambiri moti wina atafunsa ngati Amidu amathanso kung'amba munthu pamimba, ndinayankha kuti zimenezo ndiye zazing'ono. Tsiku lomwelo Zuze anakapempha thirakitala kwa mzungu. Mzunguyo anaseka, anati pitani, kuli matumba a feteleza ku siteshoni ofunika kutenga, mubwere nawo pamodzi ndi dokotala wanuyo.

Ndiye ulendo uja wa anthu awiri pa njinga unasanduka ngolo ya thirakitala yodzaza mpaka m'mbali. Amayi akuimba, amuna atavala za ku Idi, Akhristu a ku Tete nawonso atakwera ndi ng'oma yawo. Zuze akuyendetsa tsaya litatupa ngati wabisa mango mkamwa, atamanga nsalu kuchokera kuchibwano mpaka pamutu. Dzino linamuyamba Lachinayi, koma anakana kupita kwa mkulu uja amazula ndi pulayala, ati ndizuliranji kwa wamba pamene dokotala wa ku Mangalande akubwera pa ngolo yanga? Ine ndinaima kutsogolo, mkanjo woyera, kofia yatsopano, jasi la Dokotala nditalipinda pamkono. Abiti Saidi anakhala kumbuyo kwenikweni, dengu la mpunga ndi nkhuku lili pamiyendo, osaimba, maso ali kunjira.

Sitima inachedwa monga mwa masiku onse. Itafika, panali utsi, fumbi, phokoso, ndipo kwa maso anga anthu onse otsika anali zithunzithunzi zokhazokha, uyu wasenza mtolo, uyu wanyamula nkhuku. Ndinayang'ana uku, ndinayang'ana uko. Kenako ndinaona munthu wamtali akutsika mosathamanga, suti yakuda, tayi, chipewa, magalasi akunyezimira padzuwa, chikwama chachikopa kumanja. Ndikufunseni inu, pa Concession, Loweruka masana, munthu wakuda wovala tayi angakhale ndani?

Ndinathamanga. Nkhwayira imodzi inavuka, sindinaitole. Ndinamugwera pachifuwa ndi mphamvu moti chipewa chake chinagwa.

"Kaulusi! Kaulusi wanga! Wakula, mwana wanga, wakula!"

Ndinalira, abale anga, kulira kwenikweni kotuluka mamina, zaka khumi ndi chimodzi zonse zinatuluka nthawi imodzi pa tayi ya munthu uja. Ndinamugwira masaya, ndinamusisita pamutu, ndinati taonani dazi layamba ngati la amalume ake. Iye akuyesa kudzimasula, akuti, "Baba, mirai! Baba, ndiregedzei!"

Ine ndinatembenukira kugulu kuja misozi ili chuchuchu. "Mwamva? Chishona akuchikumbukirabe! Zaka zonsezi!"

Amayi analuluta. Ng'oma inayamba. Munthu uja ataona kuti Chishona sichikuthandiza anayesa Chingelezi, mawu ambirimbiri mofulumira, ine ndinakweza dzanja kuti anthu akhale chete amve. "Chimenecho ndiye Chingelezi cha ku Mangalande, osati chimene amalankhula foromani!" Ndinatambasula jasi loyera lija, amuna awiri anamugwira manja, tinamuveka pamwamba pa suti yake. Ndipo tsoka langa, linamukwana ndendende, mapewa, manja, paliponse. Ndinati mukuona, magazi sanama, ndasoka osamuyeza! Anyamata a kumabalani anamunyamula m'mwamba, wina analanda chikwama chija akufuula kuti mankhwala ali umu, Zuze anamasula nsalu yake n'kuyasamula kukamwa konse pafupi ndi nkhope ya munthuyo, akuloza dzino ndi chala. Azungu awiri amene anali pakhomo la ofesi ya siteshoni anasiya kucheza n'kumationerera.

Abiti Saidi bondo limawavuta, ndiye anachedwa kutsika pangolo. Anabwera pang'onopang'ono dengu lili m'manja, anthu anawapatukira. Anaima, anayang'ana m'mwamba munthu ali pamapewa a anyamata uja. Sanamuyang'ane nthawi yaitali.

"Che Jafali, mutsitseni mwana wa eni."

"Mayi, zaka khumi ndi chimodzi munthu amasintha."

"Amasintha, inde. Koma amene ndinayamwitsa ine si uyu."

Sanakweze mawu, koma ng'oma inaleka yokha. Anyamata aja anamutsitsa munthuyo mosamala ngati dzira. Ndinamuyandikira, pafupi kwambiri, mphuno kutsala pang'ono kugundana, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamuona bwinobwino. Munthu woyererapo khungu, wa mpata kumano, wamkulu mwina kuposa Amidu ndi zaka khumi. Sanafanane ndi mwana wanga ngakhale khutu. Ndinayang'ana kusitima, mwina wina atsika. Zitseko zinali zikutsekedwa.

Pomwepo gadi wa sitima anayamba kufuula kuchokera kungolo ya katundu. "Jafali! Jafali telala! Pasuru yako iyi!" Ndinapita nkhwayira imodzi kuphazi, anandipatsa phukusi lokulunga ndi pepala lakhaki, lolemera ngati simbi yositira, anandidinditsa chala, sitima inalira n'kumapita. Tinatsala ife, phukusi, ndi munthu wa eni atavala jasi loyera.

Munthuyo, Mulungu amudalitse kumene ali, sanaitane apolisi. Anatola chipewa chake, anachipukuta, anatiuza kuti ndi a Marufu, mudhumeni, ndiye kuti mlangizi wa zaulimi, ndipo boma lawatumiza kukagwira ntchito ku Chiweshe. Anati anagwirapo ntchito ndi anthu a ku Nyasalandi ndipo Chinyanja amachimva. Anandifunsa mwaulemu ngati kalatayo ndili nayo. Inali m'thumba la pachifuwa, pamene inakhala sabata yonse. Anakhala pa matumba a feteleza, jasi lija akadali chivalire, anakonza magalasi, anthu onse atamuzungulira, anayamba kuwerenga pang'onopang'ono, Chinyanja chake chodzaza ndi ma "r" a Chishona.

"Atate ndi amayi, buku lija latha. Aphunzitsi akuluakulu anandikhazika pansi tsiku lathunthu kundifunsa mafunso, ndipo alivomereza. Tsopano akunditcha Dokotala. Mnzanga wina akubwerera ku Salisbury, ndamupatsira bukulo, adzalikweza sitima ya Loweruka lomaliza la mwezi uno. Mukadikire pa Concession, likubwera."

Anaima, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Likubwera, baba. Bukulo."

Ine ndinangoti, "Pitirizani."

"Ine sinditha kubwera tsopano. Anzanga ena amene anabwerera kwathu ndi maphunziro awo ali m'ndende chifukwa cholankhula zotsutsa boma la Chitaganya, ndipo inu mukudziwa kuti ine pakamwa sindimatha kutseka. Andipatsa ntchito yophunzitsa kuno. Zinthu zikadzasintha ndidzabwera. Ndimalota khonde la sitolo ndi kulira kwa makina anu." A Marufu anatsokomola pang'ono, kenako anawerenga mzere wotsatira, ndipo ndinaona milomo yawo ikunjenjemera pofuna kuseka. "Chinthu chimodzi, atate, poti ndimakudziwani. Udokotala wangawu si wa chipatala. Sindibaya jakisoni, sindipereka mankhwala. Chonde musauze anthu a m'komboni kuti ndine wochiritsa."

Ndinamva nkhuku ya munthu wina ikulira kutsidya kwa njanji. Ndinkafuna nthaka ing'ambike, koma nthaka ya pa siteshoni ndi yolimba, anathirapo miyala.

Abiti Saidi ndi amene anati titsegule phukusilo. Munali buku lalikulu lakuda, zilembo zagolide pachikuto, dzina la mwana wanga lili pamenepo lonse, ndi langa pambuyo pake. A Marufu anapukuta manja pa jasi lija asanaligwire. Anatsegula, anawerenga apa, anawerenga apo, ndipo nkhope yawo inasintha, anaiwala zoti tawang'ambira batani la suti. Anati, "Baba, mukudziwa chimene mwana wanu wachita? Walemba za dothi. Dothi lofiira ngati lathu lino, chifukwa chake limatopa mukalimamo fodya zaka zotsatizana, ndi mmene mungalidzutsire. Ife alangizi timaphunzitsidwa ndi mabuku a azungu okhaokha. Sindinagwirepo buku lotere lolembedwa ndi munthu wakuda." Kenako anabwerera kutsamba loyamba, anati apa pokha ndi pa Chinyanja, anaimirira n'kuvula chipewa asanawerenge.

"Kwa atate anga Che Jafali, telala, amene sanadule nyuzipepala nkhani isanathe. Ndi kwa amayi anga Abiti Saidi, amene anandilola kupita."

Apa sindinena zambiri. Mayiwo anaika dengu pansi, anatenga bukulo m'manja mwa a Marufu, analinunkhiza, analikulunga ndi chitenje chawo n'kulifungatira pachifuwa. Amayi ena aja anayamba kupukuta m'maso. Ine ndinaima pamenepo phazi limodzi lili pamiyala yotentha, manyazi mbali ino, kunyada mbali inayo, ndipo pakati pake dzenje lalikulu poti sitima inali itapita ndipo mwana wanga sanatsike.

Amene anaswa bata ndi Zuze. Anabwera atagwira tsaya, mawu akutuluka mbali imodzi ya pakamwa.

"A telala, ndimve bwino. Mwana wanu ndi dokotala wa chiyani?"

"Wa dothi," ndinayankha motsitsa.

"Wa dothi." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye kuti ine ndi dzino langali tidikire kaye mpaka atikwirire, ndi pamene mwana wanu adzatione?"

Woyamba kuseka anali a shehe. Kenako foromani, kenako gulu lonse, a Marufu anaseka mpaka anavula magalasi, ndipo ndinamva kuseka kwina kumene ndinali ndisanakumve kwa nthawi yaitali. Abiti Saidi, buku lili pachifuwa, misozi ili m'masaya, akuseka mpaka kugwira phewa la mnzawo.

Mpunga ndi nkhuku zija anadya a Marufu, pompo pa matumba a feteleza. Mayiwo anati munthu amene mwamuna wanga walirira pachifuwa pake sangapite ndi njala, ndipo anakhala pafupi n'kumamuyang'ana akudya, kumuwonjezera nyama, kumufunsa ngati amayi ake ali moyo ndiponso ngati amawalembera makalata. Batani lija ndinamusokera pomwepo, singano ndimayenda nayo pakofia. Tinamukweza pangolo mpaka pamphambano ya ku Chiweshe, anatsika, anapinda jasi bwinobwino n'kundibwezera, ndipo anati, "Baba, ndalandiridwapo m'malo ambiri, koma chonchi ayi." Njira yonse yotsalayo agogo aja ankandifunsa ngati tsopano angayambirenso tsabola.

Chinsinsi cha maso anga chinathera pa siteshoni pompo. Sabata yotsatira Abiti Saidi anandikweza basi okha kupita ku Salisbury, anandigwira pamkono ngati mwana mpaka kwa oyeza maso. Nditavala magalasi awa n'kubwerera, ndinaona zinthu ziwiri. Choyamba, theka la amuna a pa pulazi pano ankayenda ndi mathalauza a mwendo umodzi wautali, ndipo palibe anandiuza, ati ankaganiza kuti ndi fasho ya ku tawuni. Chachiwiri, ndinaona kuti mkazi wanga wakalamba. Imvi zonsezo, makwinya onsewo, zinabwera ine ndisakuona, ndipo Amidu akadzabwera adzapeza mayi wina, osati amene anamusiya. Zimenezi ndinamulembera, ndi dzanja langa, zilembo zikuluzikulu. Za a Marufu ndinamuuzanso, poti akanamva ndithu. Anayankha kuti anawerengera anzake kalatayo ndipo mmodzi anagwa pampando.

Bukulo lilipo, amene akufuna kuliona abwere atasamba m'manja. Chingelezi chake sindimva, koma masamba ena ali ndi zithunzi za maenje okumbidwa m'munda, ndipo pa chithunzi chimodzi pakuoneka dzanja litagwira dothi. Nkhope palibe, dzanja lokha. Mayi ake akuti ndi lake. Ine pa nkhani yozindikira anthu ndinasiya kutsutsana nawo.

Ndiye ndinalumbira pamaso pa a shehe ndi pamaso pa Zuze, amene dzino lake linazulidwa ndi pulayala yomwe ija: ine Jafali sindidzakumbatiranso munthu pa siteshoni asanatchule yekha dzina la amayi ake ndi mudzi wa kwawo. Manja anga amakhala m'thumba. Koma musandifunse chifukwa chake Loweruka lililonse ulusi umandithera, ndipo umapezeka ku Concession kokha, nthawi yomwe sitima imafika. Ndimangoima patali pansi pa mtengo, kuona otsika mmodzimmodzi mpaka womaliza, kenako ndimapalasa njinga kubwerera. Sindivutitsa munthu. Komabe sabata yatha ndinamva ndi makutu angawa gadi uja akuuza mwamuna wina wa tayi asanaponde pansi, "Mukaona mdala wa kofia yoyera uyo akuyandikira, nenani dzina lanu msanga, ndipo chipewa muchigwiritse."